Kusaka mafailo mu backup ndi kanyenyezi (*) ukaiwala foda

Ife amene timagwira mashopu osindikiza ndi kusikana kuno ku Joni timadziwa nkhani iyi, munthu amabwera m'mawa thukuta lili kamukamu akuti achimwene pasipoti yanga yasowa mu taxi, paja munandisikanira chaka chatha ndipatseni kope. Pa kompyuta failoyo unaifufuta kalekale, yatsala mu backup basi, ndipo foda yake sukuikumbuka. Ambiri apa amabweza backup yonse, maola awiri atatu, magetsi nkuthima ntchito ili pakati. Ayi ndithu musamavutike choncho, sakani kaye failo imodziyo.

Ine pa shopu yathu ku Mayfair ndimagwiritsa restic, pulogalamu yopanga backup, ndiye zitsanzo zikhala za imeneyo. Mafoda anga ndimawaika motere: /home/shop/makasitomala/dzina/chaka/

Kanyenyezi kamodzi * kamaimira zilembo zilizonse koma mkati mwa foda imodzi yokha, sikadumpha ka / kaja. Ndiye ngati chaka mukuchidziwa koma simukukumbuka kuti dzina munalilemba bwanji, tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo, mulembe izi (/media/disk/backup ndi pamene pali backup yanga, inu ikani panu):

restic -r /media/disk/backup find "/home/shop/makasitomala/*/2024/*.pdf"

Kanyenyezi koyambako kalowa m'malo mwa foda ya kasitomala aliyense, kachiwiriko dzina la failo. Vuto ndi loti ngati tsiku limenelo mnyamata wa pa shopu anapanga kafoda kena mkati mwa 2024, tinene "permit", lamuloli silifikamo, libwera chimanjamanja inu nkumauza munthu kuti failo kulibe pomwe ilipo. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ndipo zimandiwawa chifukwa ndi mapepala a munthu amenewo. Mankhwala ake ndi tinyenyezi tiwiri ** timene timatsika mafoda onse mpaka pansi, kaya alipo atatu kaya khumi:

restic -r /media/disk/backup find -i "/home/shop/makasitomala/**/*pasipoti*"

Ka -i ako musakasiye. Pa Linux Pasipoti.pdf ndi pasipoti.pdf ndi mafailo awiri osiyana, sizili ngati pa Windows, ndiye -i ikuuza pulogalamu kuti isasamale za chilembo chachikulu kapena chaching'ono. Komanso poti tsiku lina timalemba passport tsiku lina pasipoti, ine ndimangoika *pas* zonse zimabwera.

Mitengero ija " " ndi yofunika zedi. Mukaisiya, terminal imayamba iyoyo kumasulira kanyenyezi ndi mafailo amene ali pa kompyuta lero, restic nkulandira zina osati zimene munalemba, pomwe inu mukusaka chinthu choti pa kompyutapo chinachoka. Ndiponso mafoda okhala ndi mpata pa dzina ngati WhatsApp Images amaduka pawiri popanda mitengero.

Kunena za WhatsApp, makasitomala ambiri amatitumizira zithunzi kumeneko ndipo maina ake amakhala ndi deti, monga IMG-20240315-WA0007.jpg. Munthu akangoti zinali mu March 2024, lembani "**/IMG-202403??-WA*.jpg". Mfunsiro ? umaimira chilembo chimodzi chokha, iwiriyo ndi tsiku la mweziwo. Akati mwina March mwina April ikani 20240[34] pamenepo.

Ikapezeka, restic imakuonetsani nambala ya snapshot, kutanthauza backup ya tsiku linalake, imene muli failoyo. Tengani nambala imeneyo, osati latest, paja mu backup yatsopano failo yofufutidwa mulibe:

restic -r /media/disk/backup restore 4f2a91bc --target /tmp/zobwezedwa --include "/home/shop/makasitomala/**/*pasipoti*"

Koma pano chepetsani, ikani foda ya mwini wakeyo m'malo mwa tinyenyezi tija, apo ayi mubweza mapasipoti a anthu onse nkuwasiya poyera pa kompyuta imene aliyense amakhalapo. Mukasindikiza fufutani foda ya zobwezedwa ija nthawi yomweyo.

Amene muli pa mapulogalamu ena chenjerani, kanyenyezi sikagwira mofanana konse. Pa rsync ndi chimodzimodzi ndi restic, * siwoloka / koma ** imawoloka. Pa Borg muziyamba ndi sh: kuti zikhale choncho, monga 'sh:home/shop/makasitomala/**/*.pdf', onani kuti kutsogolo kwa home kulibe / chifukwa Borg imasunga njira popanda iyo, ndipo mukaika fm: kanyenyezi kamodzi komweko kamadutsa mafoda onse. Duplicati nayo * wake amadutsa mafoda, ndiye zotsatira zimachuluka, muzionjezera chaka kapena chidutswa cha dzina.

Musadikire kasitomala aime pa kauntala, madzulo ano mukatseka shopu sankhani failo imodzi imene mukudziwa kuti ili mkatikati mwa mafoda, muisake ndi * kenako ndi ** muone kusiyana kwake pa pulogalamu yanuyo.