Momwe mungamatirenso kachidutswa kotutumuka pa mipando yakale ya ku England

Mwina mwagula katebulo pa okushoni ku Leeds, kapena mwasiyiridwa kabati yomwe inachokera m'nyumba ina ya atsamunda ku Zomba. Pamwamba pake pali maluwa, masamba ndi timbalame, koma si penti ayi. Ndi timatabwa topyapyala tamitundumitundu, todulidwa mwaluso n'kumatidwa pa thabwa lina. Luso limeneli amalitcha marquetry. Linafika ku England kuchokera ku Netherlands cha m'ma 1670, ndipo linatchuka kwambiri mu ulamuliro wa Mfumu William ndi Mfumukazi Mary, kuyambira 1689. Patapita zaka, linabwereranso mwamphamvu: kabati yotchedwa Diana ndi Minerva imene mmisiri wa mipando Thomas Chippendale anapangira nyumba ya Harewood House ku Yorkshire mu 1773 ilipobe mpaka lero.

Vuto la mipando imeneyi ndi limodzi: timatabwato timasomphoka. Thabwa la pansi limafufuma kukakhala chinyezi, limafota kukauma, ndipo guluu wa zaka 200 amatopa. Nyumba za ku UK zotenthetsedwa ndi ma radiator zimaumitsa, kwathu kuno ndi dzuwa la Okutobala lotsatizana ndi mvula ya Januwale.

Yambani ndi kufufuza. Gogodani pang'onopang'ono ndi chikhadabo pamalo ponse pali maluwa. Pamene pagwira bwino pamalira mogonthera, pamene pasiya pamalira ngati pali mphako. Ikani katepi ka pepala pafupi kuti mukumbukire, osati pamwamba pa duwalo, chifukwa pochotsa tepi mudzazula ndi duwa lomwe. Kachidutswa kakagwa pansi, ngakhale kochepa ngati njere ya mpunga, katoleni mukaike mu envelopu. Kusesa kamodzi kokha kungakutayitseni chinthu chimene simudzachipezanso.

Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa. Nsalu imakola m'mphepete mosomphoka n'kuthyola.

Tsopano nkhani ya guluu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaononga. Amisiri akale ankagwiritsa ntchito guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Ubwino wake ndi wakuti akamva kutentha ndi chinyezi amafewanso, ndiye wina angathe kumatula n'kukonza ngakhale patapita zaka 100. Supagulu kapena guluu wa nsapato alibe khalidwe limeneli. Mukamuthira, kachidutswa kakakhala mopendekeka kakhala choncho mpaka kalekale, ndipo mmisiri wodziwa akadzaona adzangogwira mutu. Funani guluu wa zikopa, amene kunja amamulemba kuti hide glue. Alipo wamadzi wa m'botolo, alipo wa timibulu. Wa timibuluyo mumamuviika m'madzi ozizira mpaka afufume, kenako mumaika kachitini kake m'poto wa madzi otentha. Asawire. Madigiri 60 ndi okwanira, ndipo azitsika pa burashi ngati uchi wosungunuka.

Ngati kachidutswa kachokeratu, palani guluu wakale wouma pansi pake ndi pamalo pamene kanali, ndi kampeni kapena thonje lonyowetsa m'madzi ofunda. Musanyowetse kwambiri, kathabwako kangapindike. Kayeseni kaye popanda guluu kuti muone mbali imene kakulowera. Ngati kangotutumuka chabe, musakakweze ndi mphamvu. Lowetsani guluu pansi pake ndi nsonga ya mpeni wopyapyala kapena jekeseni, kenako sisitani ndi chala kuti afalikire.

Pukutani wotuluka m'mbali nthawi yomweyo ndi kansalu konyowa pang'ono. Yalani kapulasitiki kopyapyala pamwamba, ikani kathabwa kosalala, ndipo tsinjikani ndi chinthu cholemera. Mabuku angapo kapena njerwa yokulunga m'nsalu zimagwira ntchito. Mukaiwala pulasitiki, mawa mudzapeza kathabwa kanu kasanduka mbali ya tebulo. Dikirani maola 24 osasuzumira.

Ena amati ingodindani ndi simbi yositira kuti guluu wakale adzuke. Zimatheka ndithu, koma ine sindingakulangizeni pa mpando wa mtengo wapatali. Yambiri inapakidwa polishi wa shellac, ndipo akamva moto amatuwa kapena kuchita matuza. Mwakonza duwa, mwaotcha tebulo.

Sandipepa musamuyandikize n'komwe. Timatabwa takale, tochekedwa ndi sowo yamanja, n'tokhuthalirako, mwina mamilimita awiri, pamene tamakono tambiri sitifika ngakhale milimita imodzi. Komabe zokongola zake zili pamwamba penipeni. Yang'anitsitsani tsamba limodzi: m'mphepete mwake muli mthunzi woderako. Mmisiri ankalowetsa kachidutswako mu mchenga wotentha kuti kapserere pang'ono. Mizere ya m'masamba ina inazokotedwa ndi kachitsulo. Mukapala, zonsezo zapita. Vanishi wa ku hadiweya nayenso ayi. Phula la njuchi lochepa kwambiri, kamodzi pa chaka, n'kupukuta ndi nsalu yofewa, basi.

Mpandowo uikeni kutali ndi windo lolowa dzuwa, kutali ndi moto, ndipo usagunde khoma lachinyontho. Kwathu kuno muziusuntha nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe chayamba kumanga pa miyendo. Timabowo ting'onoting'ono tokha tisakuopseni, mwina n'takale. Koma mukaona ufa woyera wa matabwa pansi, tizilombo tikadali moyo, itanani katswiri. Chimodzimodzi ngati thabwa la pansi lang'ambika kapena zidutswa zambiri zasowa.

Pa maluwa ena pali timadontho toyera tomwe tingakhale fupa kapena mnyanga wa njovu. Ku UK, kuyambira mu Juni 2022, mpando wotere wokhala ndi mnyanga wa njovu sungagulitsidwe pokhapokha unapangidwa pasanafike pa 3 Malichi 1947, mnyangawo sukufika magawo 10 pa 100 a chinthu chonsecho, ndipo walembetsedwa ku boma. Ngati mukuganiza zouika mu kontena yopita ku Lilongwe, funsani kaye za chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, musanalipire wonyamula.