Nimu ndi mchere posunga chimanga

Anzanga kuno ku Mangochi, nimu tangomusandutsa wa mthunzi, chonsecho amathandiza pa anankafumbwe. Thyolani masamba, muyanike pamthunzi poti dzuwa limapha mphamvu yake, musinje, ndiye musakanize ndi chimanga chotonola musanathire m'matumba. Tizilombo sitidya momasuka ndipo sitiswana msanga. Popeta masambawo amachoka.

Koma nimu sachotsa chuku ayi. Chimanga chiume kaye, pamphasa kapena palona, osati padothi. Kuti mutsimikize, thirani chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Njere yobooledwa kapena yachinyezi ndi imene chuku chimalowa mosavuta, ndipo poizoni wake satha ndi kuphika. Chowolacho ngakhale nkhuku musazipatse.