Kuwongola manoti ochedwa ndi ofulumira popanda kupha kavinidwe ka nyimbo

Aliyense amene amajambula nyimbo ndi kiyibodi ya MIDI, imene imatumiza manoti ku kompyuta, amadziwa kuti chala cha munthu sichigwera ndendende pa mizere ya pakompyuta yosonyeza nthawi imene noti iyenera kulira, chifukwa noti ina imafika msanga pamene ina imatsalira pang'ono. Mapulogalamu monga FL Studio ndi Cubase ali ndi chida chotchedwa quantize, chimene chimakokera noti iliyonse ku mzere umene uli pafupi nayo. Chidachi chilibe khutu, chimangotsata mizere imene inu mwaiika, choncho ntchito yaikulu ili pa kusankha mizereyo.

Musanayambe, sungani kope lina la nyimboyo, kenako muone ngati manoti onse asunthira mbali imodzi mofanana. Zikatero vuto nthawi zambiri limakhala la kompyuta, imene imachedwetsa mawu kufika m'makutu mwa woyimba. Buffer, kutanthauza kuchuluka kwa tizidutswa ta mawu timene kompyuta imasonkhanitsa isanawatulutse, ikakhala ya 512 pa 44100 Hz (tizidutswa 44100 pa sekondi) imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 12 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1000), pamene ya 128 imangochedwetsa ndi pafupifupi 3, motero ichepetseni pojambula. Manoti amene asunthira mbali imodziwo asankheni onse ndi kuwakankha pamodzi.

Tsopano mvetserani nyimboyo mukuwomba m'manja, ndipo muwerenge kuti kugunda kumodzi kukugawika panayi kapena patatu. Apa ndi pamene ambiri a ife kuno ku Chigwa cha Shire timapunthwa, pakuti mizere imene pulogalamu imayamba nayo imagawa kugunda panayi, chonsecho nyimbo zambiri za kwathu, makamaka zotengera kaimbidwe ka ng'oma ndi valimba, zimayenda patatu. Pa tempo ya 120, kutanthauza liwiro la kugunda ka 120 pa miniti imodzi, kugunda kumodzi kumatenga mamilisekondi 500. Mukagawa patatu, manoti amagwera pa 0, 167 ndi 333, koma mizere ya panayi ili pa 0, 125, 250 ndi 375. Mukachita quantize pa mizere yolakwikayi, noti yachiwiri imakokedwa kubwerera pa 125, yachitatu imakankhidwa kupita pa 375, ndipo nyimbo imene imayenda myaa imayamba kutsimphina.

Ine ndinaziona ndekha m'kasitudiyo kena ku Ngabu, masana otentha, titazimitsa fani kuti isamveke pa maiki. Mnyamata wina anaimba pa kiyibodi motsanzira valimba, ndipo amayi a kwaya amene amadikira nthawi yawo pakhomo anayamba kugwedeza mapewa. Nditangodina quantize n'kuiseweranso, mapewa aja anaima, ndipo mayi wina anafunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, nyimbo ija mwaitani?” Cholakwa chinali mizere imene ndinasankha.

Mu FL Studio, tsegulani Piano roll, pamene pamaoneka manoti ndi mizere, dinani kachizindikiro ka maginito, musankhe 1/3 beat, kapena 1/6 beat ngati pali timanoti tothamanga kwambiri. Mu Cubase sankhani 1/8 Triplet. Mukatero sankhani manoti okhawo amene mukufuna kuwongola. Ctrl+Q mu FL Studio imawongola mwachangu mpaka pa mzere penipeni, koma ine ndimakonda Alt+Q, imene imatsegula bokosi lokhala ndi kachotembenuza ka Start time. Mukakachepetsa, noti imayandikira mzere popanda kufikapo. Mu Cubase zofanana ndi zimenezi zimatchedwa Soft Quantize. Ng'oma yaikulu ndi besi mukhoza kuzimanga zolimba kuti zigwirane, koma kiyibodi ndi tizigawo ta valimba muzikokere pang'ono chabe, mwina theka kapena kupitirirapo pang'ono, chifukwa kutsogola ndi kutsalira kwakung'onoko n'kumene kumadzutsa ovina. Kutalika kwa manoti musakukhudze pokhapokha ngati akulowererana.

Mawu ojambulidwa ndi maiki amafuna kudekha kwambiri. Dulani pamene pakuyambira kugunda, sunthani kachidutswako, ndipo mulumikize ndi crossfade yaifupi, imene imazimiriritsa kachidutswa kamodzi kwinaku kena kakulowa, kuti pasamveke kuthetheka. Ng'oma imodzi ikajambulidwa ndi maiki awiri, zidutswa zonse ziwiri zisunthire limodzi. Kwaya yonse ikasemphana kwambiri ndi biti, ndi bwino kuipempha kuti iimbenso kusiyana ndi kuikoka mpaka mawu kuwonongeka.

Pomaliza zimitsani metronome, kachida kamene kamalira pa kugunda kulikonse, tsekani maso kuti mizere isakunyengeni, ndipo mumvetsere kope lakale ndi latsopano motsatizana. Noti imene yakokedwera ku mzere wolakwika muibweze ndi dzanja, imodziimodzi.