Utsi wa pa mafuwa sukutipatsa chimwemwe, tiyeni tiuchepetse ndi chitetezo mbaula

Alimi anzanga, tsiku lina pa msonkhano wa kalabu bambo ena anandiponyera funso lomwe ndakhala ndikuliganizira mpaka lero. Akuti alangizi, inu daily kumangotiuza zochepetsa utsi, koma maiko omwe anthu ake akunjoya si omwewo ali ndi magalimoto mbwee ndi mafakitale ofuka usana ndi usiku? Ndiye mukufuna ife tizingokhala osauka?

Funsoli si lopanda pake ayi. Chaka ndi chaka kumatuluka lipoti lotchedwa World Happiness Report, amafunsa anthu m'maiko oposa 140 kuti moyo wawo akauika pa makwerero oyambira 0 mpaka 10 ali pati. Finland yakhala ili pamwamba kuyambira 2018, anthu ake amadzipatsa kupitirira 7, pamene ife Amalawi timathera pakati pa 3 ndi 4, kumunsi kwenikweni. Tikabwera pa mpweya wa carbon dioxide wochokera ku petulo, dizilo, malasha ndi simenti, Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 okha pa chaka pomwe munthu wa ku America ndi matani 14 kapena kuposa. Ukangoonera patali ungati zoonadi utsi ndi umene ukusangalatsa anthu.

Koma taonani dziko la Costa Rica. Mu lipoti la 2025 inali nambala 6 pamene America inali nambala 24, chonsecho munthu wa ku Costa Rica safika ngakhale matani 2 pa chaka. Magetsi awo pafupifupi onse amachokera ku madzi, mphepo ndi kutentha kwa pansi pa nthaka, ndipo gulu la asilikali anathetsa kalekale mu 1948 ndalama n'kumapita ku sukulu ndi zipatala. Chomwe chimakhazika munthu mtima pansi ndi kudya, kupeza mankhwala akadwala, kukhala ndi nthawi yopuma komanso anthu oti akugwire dzanja ukagwa m'mavuto. Ife magetsi tikuwafuna, thiransipoti tikuifuna, zimenezo sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Koma pali utsi wina womwe sutipatsa kalikonse, umangotilanda, ndipo uli m'khitchini mwathu momwemu.

Makilogalamu 100 aja sawerengera nkhuni ndi makala, pomwe mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse kuno amaphikira zimenezo. Nkhalango ya Dzalanyama ikutha ndi makala, mapiri a ku Blantyre ambiri angotsala mbee, ndipo amene anaona matope akutsika ku Chilobwe nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kuti phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Pakhomo ndiye ovutika kwambiri ndi amayi, kudzuka mbandakucha kukatola nkhuni kutali, kubwera khosi likuwawa, kenako kukhala pa mafuwa maso ali psuu mwana ali kumsana akupuma utsi womwewo. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse, chibayo cha ana chili momwemo. Munthu wotere ukamufunsa za makwerero aja angadzipatse 7 bwanji?

Ndiye langizo langa ndi chitetezo mbaula, ija ya dothi yowotcha mu uvuni, imodzi mwa mbaula zosunga nkhuni zimene boma mu 2013 linalonjeza kuti zifike 2 miliyoni pomafika 2020. Ambiri munalandira kapena munagula koma ndikamayenda m'makomo ndimaipeza ili pakona nkhuku zikuikiramo mazira, mukuti imachedwa. Nthawi zambiri vuto si mbaula koma kagwiritsidwe kake.

Musanayatse chotsani phulusa lonse la dzulo, mpweya uzilowa bwino, ndipo khomo la mbaula liyang'ane komwe kukuchokera kamphepo. Nkhuni zikhale zouma gwaa komanso zowaza zing'onozing'ono, ziwiri kapena zitatu basi, muzikankhira pang'onopang'ono zikamapsa. Apa mpomwe ambiri timalakwitsa, tinazolowera zipika za pa mafuwa ndiye timadzaza khomo lonse mpaka mpweya kusowa polowera, moto umatsamwa n'kuyamba kufuka utsi wakuda uja kenako tikuti mbaulayi ndi yachabe. Nkhuni zaziwisi ndiye musayese n'komwe, moto umathera kuumitsa nkhunizo m'malo mophika, bola muzisanja pansi pa denga zikhale zikuuma makamaka nyengo ya mvula ikamayandikira. Moto wabwino umaoneka ndi maso, lawi limakhala loyera ndipo poto sada mwaye kwambiri.

Poto akhale bwino pa timitu titatu ta pamwamba pa mbaula ndipo muzivundikira. Nyemba zinyikeni m'madzi usiku, mawa zipsa msanga. Mukamaliza kuphika musathire madzi pa mbaula yotentha, imang'aluka, ingotulutsani zikuni muzimitsire panja ndipo mbaulayo isamagone pa mvula. Kukakhala kouma phikirani pakhonde kapena pabwalo poti imanyamulika, ngati ndi m'khitchini pakhale windo, chifukwa utsi umachepa koma sutheratu.

Inu abambo nkhaniyi musaisiyire amayi okha. Gawo lanu lili kumunda. Dzalani nandolo pakati pa chimanga, mukakolola mitengo yake ija ikauma imayaka bwino kwambiri mu chitetezo mbaula, ndiwo mwapeza, nthaka yapeza chonde, nkhuni zili pakhomo. Zitsononkho nazo musataye, sungani m'thumba pouma. M'malire mwa munda ikani mitengo ya gliricidia muzisadzula nthambi chaka ndi chaka osagwetsa mtengo wonse. Mapesi okha asiyeni m'munda aphimbire nthaka, musawatenthe pososa ndipo musawatengere kukhitchini onse, ntchito yawo ndi yosunga chinyezi.

Amene mbaula yanu inasweka funsani mlangizi wa m'dera lanu kapena gulu la amayi oumba lomwe lili pafupi, ndipo pogula igogodeni ndi chala, yopsa bwino imalira ngati mphika wabwino, yosapsa imangoti phuphu ndipo siichedwa kusweka.