Sungani Mapepala a Mlandu Wanu Ngakhale Muli ndi Loya

Anthu ambiri kuno ku Kasungu akapeza loya amamusiyira mapepala onse n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Mavuto amayamba mlandu ukathetsedwa chifukwa loyayo sanaonekere kukhoti, nthawi yochita apilo ikadutsa iye ali phee, kapena chipukuta misozi chikalipidwa koma osafika kwa mwini wake. Pamenepo umboni wonse umakhala uli m'kabati ya munthu yemwe mukufuna kumudandaulayo, kawirikawiri ku Lilongwe, komwe kuli maofesi a maloya ambiri ndiponso High Court yotumikira chigawo chapakati. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi fayilo yanuyanu kuyambira tsiku loyamba.

Musanapereke chikalata chilichonse, kaya ndi cha malo, mgwirizano wa ngongole, lipoti la apolisi kapena la kuchipatala, chichititseni fotokope. Ngati loya akufuna chikalata chenichenicho, lembani mndandanda wa zomwe mwapereka, ndipo wolandirayo asaine ndi kulemba deti. Pemphaninso kuti mgwirizano wa malipiro ukhale wolembedwa, wofotokoza ntchito yomwe loya adzagwire ndi ndalama zake.

Pa ndalama ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Malipiro alionse akhale ndi lisiti la ofesi, lodindidwa chidindo. Mukatumiza kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, musafufute uthenga wotsimikizira, ndipo lembani nambala yake m'kope, pakuti foni imabedwa kapena kuwonongeka. Ine sindilimbikitsa kutumiza ndalama ku nambala ya kalaliki, ngakhale atakhala wachibale, chifukwa tsiku la mkangano ofesi ikhoza kukana kuti sinazilandire.

M'kope lomwelo lembani nambala ya mlandu, dzina la khoti, madeti onse omwe mlandu waitanidwa ndi zomwe zachitika tsikulo. Mukalankhula ndi loya pafoni, mutumizireni uthenga wa pa WhatsApp wobwereza zomwe mwagwirizana, monga wakuti, "A loya, monga tayankhulana lero, mwati mukapereka mapepala a apilo Lachisanu lisanafike." Mawu apakamwa amakanidwa, pamene uthenga wotere umaonetsa tsiku ndi ola. Ndi nambala ya mlandu ija mungathenso kupita nokha ku ofesi ya khoti kukafunsa ngati mapepala anaperekedwadi.

Kuluza mlandu pakokha sikutanthauza kuti loya analakwa. Wodandaula ayenera kuonetsa chomwe loya analephera kuchita, komanso kuti kulepherako ndi komwe kunamutayitsa ndalama kapena malo. Choncho sungani ngakhale umboni wa mlandu woyambawo, pamodzi ndi maina a mboni ndi midzi yawo, popeza mudzafunika kusonyeza kuti mlanduwo ukanakukomerani ukadayendetsedwa bwino.

Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoti munthu asume pa nkhani za mgwirizano ndi zambiri zokhudza kunyalanyaza ntchito, koma zaka 3 zokha pa nkhani za kuvulala, monga ngozi za pamsewu wa M1. Loya akakhalira mapepala a munthu wovulala mpaka zaka 3 zitadutsa, kope lanu ndi lomwe lidzaonetse tsiku lomwe munamupatsa ntchitoyo. Mapepala asungidwe zaka zoposa 6 mlandu utatha, m'pulasitiki yomanga bwino, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha, ndipo zithunzi zake zikhale kwa m'bale wodalirika kapena pa imelo.

Mukaona kuti zinthu sizikuyenda, lemberani loyayo kalata yopempha fayilo yanu ndi tsatanetsatane wa ndalama, n'kusunga fotokope ya kalatayo. Dandaulo la khalidwe la loya limapita ku bungwe la maloya la Malawi Law Society, koma kufuna chipukuta misozi pa zomwe mwataya kungafunike kusuma kukhoti kudzera kwa loya wina. Amene alibe ndalama zolipira loya wachiwiri angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, atanyamula fayilo yonse yoikidwa motsatira madeti.