Musanagule chinkhwe, yambani mwayang'ana tsiku lanu ndi nyumba yanu

Ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto kuno ku Salima nthawi zambiri imakhala ya mbuzi, nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe. Koma masiku ano mafunso a mbalame zosunga pakhomo akubwera pafupipafupi, makamaka kuchokera kwa anthu a pa Boma ndi a ku Senga Bay. Tsiku lina aphunzitsi ena anandiimitsa pa Kamuzu Road, foni ili m'manja, n'kundionetsa kanema wa chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chikuyankhula ngati munthu. "Alangizi, ichi ndingachipeze kuti? Ana kunyumba sakundigonetsa tulo." Ndinawafunsa nthawi imene amachoka pakhomo ndi imene amabwerako. Anati amanyamuka 6 koloko m'mawa n'kubwerako dzuwa litapendeka, mayi a kunyumba amakhala kumsika tsiku lonse, ana onse ali pasukulu. Ndinati, "Aphunzitsi, mbalame imeneyi muisiye. Yokuyenerani ilipo, tiyeni tikhale pansi tikambirane."

Zimene tinakambirana tsiku limenelo ndi zomwe ndalemba pano.

Nkhuku mumaitsegulira m'mawa, imakadzifunira yokha chakudya, madzulo imabwerera yokha m'khola. Nkhunda nazo zimauluka, zimaswana, sizifuna kuti mucheze nazo. Chinkhwe n'chosiyana ndi zonsezi. Kutchire zinkhwe zimakhala m'magulu, zimadyera limodzi, zimakonzana nthenga ndipo zimaitanana tsiku lonse. Mukachitsekera m'khola chokha, gulu lake ndinu. Mukakhala kulibe, chimakhala ngati mwana wosiyidwa m'nyumba yokhoma. N'chifukwa chake funso loyamba si lakuti mbalame yokongola ndi iti kapena yoyankhula ndi iti. Dzifunseni kuti pa tsiku mumakhala pakhomo maola angati, mumapirira phokoso mpaka pati, ndipo zaka 15 kapena 20 zikubwerazi mudzakhala kuti.

Tiyambe ndi chomwe aphunzitsi aja anachikonda, chinkhwe chotuwa chimene ogulitsa amachitcha African grey. Kwathu kuno kulibe. Kwawo ndi m'nkhalango zowirira za ku Congo, Cameroon, Gabon mpaka ku Uganda. N'zoona kuti ndi mbalame yanzeru zodabwitsa. Chinkhwe china cha mtundu umenewu, dzina lake Alex, chomwe katswiri wina wa ku America, Irene Pepperberg, anachiphunzitsa kwa zaka 30, chinkadziwa mawu oposa 100 ndipo chinkatha kusiyanitsa mitundu ndi maonekedwe a zinthu. Koma nzeru zomwezo ndi zimene zimachivutitsa m'nyumba za anthu. Chimafuna munthu wocheza nacho maola angapo tsiku lililonse, zinthu zoti chizitafuna ndi kuphwanya, komanso malo oti chizituluka m'khola n'kumatambasula mapiko. Chikasowa zimenezi chimayamba kudzisosola nthenga mpaka chidali kukhala pamtunda, chimakuwa, chimaluma, ndipo mlomo wake umaboola chala. Chimakhala zaka 40, 50, china mpaka 60. Munthu wa zaka 45 amene akugula lero ayambe wafunsa ana ake ngati adzachilandire iye atapita.

Palinso nkhani ya malamulo. Mbalame imeneyi yachepa kwambiri kwawo chifukwa chogwidwa n'kumagulitsidwa kunja, moti mu 2016, pa msonkhano wa CITES, mgwirizano wa mayiko woyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, ku Johannesburg, mayiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Munthu akabwera nacho m'katoni, akuti wachitenga kwa oyendetsa galimoto yochokera ku Congo, alibe pepala lililonse, musapereke ndalama. Mukugula mlandu, komanso mukumutuma kuti akatenge china. Ine sindilangiza munthu woyamba kumene kuweta mbalame kuti atenge African grey, ngakhale ndalama ali nazo. Zinkhwe zikuluzikulu za macaw za ku South America ndi za cockatoo za ku Australia ndi zilumba zoyandikana nako, amene mwaziona pa intaneti zithereni pomwepo. Phokoso lake lokha likhoza kukusamutsani pa lendi.

Kwa anthu ambiri amene amandifunsa, yankho limakhala kambalame kotchedwa budgie. Kwawo ndi ku Australia, koma kakhala kakuswanitsidwa m'makola kwa zaka zoposa 150, choncho amene mungapeze kwa oweta a ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi obadwira m'khola. Ndi kakang'ono, kutalika kwake pafupifupi masentimita 18 pamodzi ndi mchira, kulemera magalamu 30 mpaka 40. Kulira kwake n'kongolongolola motsitsa, ngati anthu akucheza chipinda china, moti ngakhale pa nyumba za mdadada aneba sangadandaule kwenikweni. Kamakhala zaka zisanu mpaka 10 kakasamalidwa bwino. Wamwamuna wamkulu amaoneka ndi kachikopa ka buluu pamwamba pa mlomo pamene pali mphuno, wamkazi kake kamakhala kofiirira kapena kotuwa. Ndipo chimene ambiri sadziwa n'chakuti budgie wamwamuna, mukamutenga ali wamng'ono n'kumamuyankhula tsiku ndi tsiku, amatha kuphunzira mawu. Si onse, ndipo musagule mbalame ina iliyonse chifukwa choti mwalonjezedwa kuti idzayankhula.

Ngati pakhomo panu pamakhala popanda munthu masana, ngati kwa aphunzitsi aja, tengani awiri. Awiri amasangalatsana okha, ngakhale kuti sakuzolowerani msanga ngati mmodzi, komanso kawirikawiri saphunzira mawu. Kwa ine bola mbalame ziwiri zokondwa zosayankhula kusiyana ndi imodzi yongokhala ndwii pakona. Ngati simukufuna kuti ziswane, tengani amuna awiri, amagwirizana bwino. Akazi awiri nthawi zambiri amalimbana.

Munthu wofatsa, wokonda kukhala pakhomo, wopuma pantchito kapena wosoka zovala pakhonde, amene akufuna mbalame yoti izitera paphewa ndi kuweramitsa mutu kuti aikande, amuyenera cockatiel. Nayenso ndi wa ku Australia, wamkulupo kuposa budgie, pafupifupi masentimita 30, ali ndi tsumba pamutu ndi kadontho kofiirira patsaya. Tsumbalo limakuuzani za mumtima mwake: likaima njo wadzidzimuka, likagona kwambiri kumbuyo wakwiya, musamuyandikitse chala. Wamwamuna amaimba mluzu bwino kuposa kuyankhula. Amakhala zaka 15 mpaka 20, choncho mwana wa Sitandade 5 amene mukumugulira lero adzakwatira mbalameyo ikadalipo, ndipo woisamala mudzakhala inu makolo. Pali zinthu ziwiri zoti mudziwiretu. Nthenga zake zimatulutsa fumbi loyera ngati ufa, monganso African grey, ndiye pakhomo pamene pali wodwala mphumu musamulowetse. Chachiwiri, amadzidzimuka usiku; khoswe akadutsa kapena nyali ya galimoto ikawalira pawindo amawuluka mwamantha m'khola mpaka kuthyola nthenga.

Pali timbalame tina timene timakopa anthu pa msika chifukwa cha mitundu yake yowala, totchedwa lovebird. Timeneti ndi ta kuno ku Africa: ta nkhope yofiirira n'ta ku Namibia ndi Angola, ta Fischer n'ta ku Tanzania. Dzina lake lisakupusitseni. N'tolimba mtima, tolira mokweza ndi mawu obaya m'khutu, ndipo takazi timaluma kwambiri tikafuna kuikira. Musatiike khola limodzi ndi ma budgie, timawaluma zala mpaka kuwadula. Timayenera munthu wachangu, wosatekeseka ndi phokoso, amene ali ndi mpanda wakewake ndi malo omanga khola lalikulu panja. Namwino wogwira ntchito usiku amene amagona masana, kapena banja la mwana wakhanda, asatenge timeneti.

Apa ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu. Dziko lathu lili ndi zinkhwe zakezake zakutchire. Kuli ka lovebird ka Lilian, kobiriwira ka nkhope yofiira, komwe kamapezeka m'nkhalango za mitengo ya tsanya ku Liwonde National Park ndipo katsala kochepa. Kulinso chinkhwe cha mutu wofiirira ndi cha Meyer, zomwe zimaswera m'mphako za mitengo ikuluikulu. Anyamata amazigwira ndi ulimbo kapena kugwetsa mtengo kuti atenge ana, n'kumazitsatsa m'mbali mwa msewu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kugwira, kusunga kapena kugulitsa zamoyo zotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ife amene tayandikana ndi nkhalango ya Thuma, ya Kuti ndi ya Nkhotakota tizisamale kwambiri. Kupatula mlandu, chinkhwe chogwidwa chili chachikulu sichizolowera munthu. Chimangodziguguda pa waya, chimakana kudya, ndipo zambiri zimafa m'masabata oyamba. Ndinaonapo china kwa bambo ena cha ku Chipoka, mutu uli zilonda zokhazokha chifukwa chofuna potulukira. Anachigula pochimvera chisoni. Chisoni choterocho ndi chimene chimabwezera wogwira uja kutchire mawa lake. Mukapeza mbalame yotere ikugulitsidwa kapena yavulala, dziwitsani a nthambi ya nyama zakutchire kapena a Lilongwe Wildlife Centre.

Tsopano nyumba yanu. Kuno kunyanja mdani woyamba ndi kutentha kwa October ndi November. Khola lisakhale pansi pa malata opanda siling'i kapena padzuwa la masana. Likhale pamthunzi, podutsa mphepo, mbali imodzi yotsamira khoma. Mbalame ikayasama kukamwa, mapiko itawatalikitsa ku thupi, yatenthedwa: isunthireni pozizira ndipo muiwaze madzi pang'ono. Mu June ndi July, mwera ukamawomba, tchingani mbali yochokera mphepo ndi nsalu usiku. Khola likhale lotambalala kuposa kutalika, chifukwa mbalame imauluka chopingasa. La ma budgie awiri lisachepere masentimita 75 m'litali, ndipo mipata ya waya isapitirire sentimita imodzi ndi pang'ono, kuti mutu usakodwe komanso njoka ndi makoswe zisalowe mosavuta. Waya watsopano wonyezimira uja mutsukeni ndi viniga ndi bulashi musanaikemo mbalame, chifukwa zinkhwe zimaluma waya ndipo zokutira zake ndi poizoni. Miyendo ya khola la panja iikeni m'zitini za madzi kuti linthumbu lisakwere. Poterapo ikani nthambi za gwafa, bulugamu kapena nsungwi zonenepa mosiyanasiyana.

Mdani wachiwiri ndi utsi, ndipo ameneyu amapha msanga kuposa momwe anthu amaganizira. Mapapo a mbalame sapirira zimene ife timapirira. Mbaula ya makala m'nyumba, koyilo wa udzudzu, fodya, mankhwala opopera tizilombo, ngakhale poto wosamatirira uja akapsa pamoto wopanda kanthu, zonsezi zingagwetse mbalame m'kanthawi kochepa. Ngati nyumba yanu ndi ya chipinda chimodzi chomwe mumaphikiramo, kugonamo ndi kuyatsamo koyilo, si nyumba ya chinkhwe cha mtundu uliwonse. Opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba akafika m'dera lanu, tulutsani khola, mbale zake ndi chakudya chake kutali, ndipo musafulumire kubwezera.

Za chakudya tili ndi mwayi, zambiri timalima tokha. Mawere, mchewere, mapira ndi mpunga wosapuntha wa ku Lifuwu zimapanga chisakanizo chabwino cha mbalame zing'onozing'onozi. Mpendadzuwa ukhale wochepa chifukwa uli ndi mafuta ambiri. Mbewu zokha sizikwanira. Tsiku lililonse onjezani masamba otsukidwa bwino monga bonongwe, chisoso kapena mpiru, kaloti, ndi kachidutswa ka papaya, mango kapena gwafa. Zigoba za mazira zowiritsa n'kusinja zimathandiza zazikazi zoikira. Mtedza samalani nawo kwambiri: wachuku, ngakhale chukucho chisakuoneka, umawononga chiwindi cha mbalame. Peyala musayerekeze, limapha zinkhwe. Chokoleti, khofi, mowa, anyezi ndi ndiwo zamchere musapereke. Madzi asinthidwe m'mawa uliwonse, nthawi yotentha kawiri. Ndipo mbalame zimenezi zimafuna kugona maola 10 kapena 12 mumdima ndi mwabata, choncho pabalaza pamene wailesi ya kanema imalira mpaka pakati pa usiku si malo ake ogona.

Pa umoyo, dziwani kuti madokotala a ziweto ozolowera mbalame zoterezi ndi ochepa, ndipo ulendo wake nthawi zambiri ndi wa ku Lilongwe. Khola likhale kutali ndi la nkhuku ndi nkhunda, chifukwa chitopa chimagwiranso zinkhwe. Mbalame yatsopano ikhale payokha masiku 30 musanaiphatikize ndi zinzake. Pochotsa zitosi yambani mwawaza madzi kuti fumbi lisauluke, kenako sambani m'manja ndi sopo. Pali matenda otchedwa psittacosis amene munthu amawatenga popuma fumbi la zitosi zouma, ndipo amayamba ngati chimfine cha malungo n'kufika pa chibayo. Mukadwala chotere, auzeni achipatala kuti mumasunga mbalame.

Tsiku logula, pitani nokha kwa woweta mukaone makolo ake ndi ukhondo wa khola. Imani patali pang'ono mphindi zingapo osayankhula. Mbalame yabwino imakhala yotakataka, maso owala, mphuno youma, nthenga zosalala, kumbuyo kwake kopanda zitosi zomatirira. Yofufuma nthenga, yotsinzina masana, yokhala pansi pa khola kapena yogwedeza mchira popuma, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Funsaninso ngati yayamba kudya yokha, chifukwa mwana wodyetsedwabe ndi makolo amafera m'manja mwa munthu wosazolowera.

Aphunzitsi aja anatenga ma budgie awiri aamuna, wobiriwira ndi wabuluu. Khola analiika pakhonde la kum'mawa, pansi pa mthunzi wa mango, ndipo usiku amalilowetsa m'chipinda chosaphikiramo. Mwana wawo wamkulu ndiye amasintha madzi asanapite kusukulu, wamng'ono amathyola chisoso kuseri kwa nyumba.