Momwe mungawerengere malonda onse mu Power BI mosatsatira filter imene yasankhidwa

Mu Power BI, pulogalamu yosanthula ndi kuonetsa deta, munthu akasankha nthambi imodzi ya kampani pa slicer (kabokosi kosankhira zoti zioneke) ya dashboard (tsamba loonetsa manambala ndi ma chati) ya malonda, nthawi zambiri gawo la nthambiyo pa malonda a kampani yonse limaoneka ngati 100 peresenti. Izi zimachitika chifukwa filter, kutanthauza kusefa kochokera pa zimene wasankhazo, imasefa nambala yogawidwa pamodzi ndi nambala yogawira, motero nthambi imayerekezedwa ndi iyo yomwe. Tiyerekeze kuti nthambi yagulitsa katundu 200 pamene kampani yonse yagulitsa 800. Woyang'anira ayenera kuona 25 peresenti, ndipo kuti zitero, nambala yogawira iyenera kunyalanyaza filter ya nthambi.

Choyamba, musanalembe chilichonse, dziwani bwino filter imene mukufuna kuti inyalanyazidwe ndi imene iyenera kupitiriza kugwira ntchito. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa amene wasankha chaka cha 2024 amayembekezera malonda a nthambi zonse m'chaka chimenecho, osati a zaka zonse.

Chachiwiri, pangani measure, kutanthauza fomula yowerengera, yophatikiza manambala a mu column (mndandanda wotsika) ya Kuchuluka pa tebulo la Malonda:

Malonda Onse = SUM(Malonda[Kuchuluka])

Kenako pangani ina imene ichotse filter ya nthambi yokha:

Nthambi Zonse = CALCULATE([Malonda Onse], REMOVEFILTERS(Nthambi))

CALCULATE imasintha ma filter amene measure ikuwerengedwera, ndipo REMOVEFILTERS, imene inabwera mu DAX (chinenero cholembera mafomulawa) m'chaka cha 2019, imachotsa ma filter onse a pa tebulo la Nthambi n'kusiya a masiku ndi a mitundu ya katundu. M'mafayilo akale mudzapeza ALL ikugwira ntchito yomweyi. Chenjerani kwambiri ndi ALL(Malonda), pakuti kuchotsa ma filter pa tebulo lalikulu la malonda kumachotsanso a matebulo olumikizidwa nalo, kuphatikizapo la masiku, ndipo nambala imatuluka yaikulu popanda chenjezo lililonse. Ngati mwasankha kutchula column imodzi m'malo mwa tebulo lonse, kumbukirani kuti column yosanjidwa potsatira inzake, monga maina a miyezi osanjidwa ndi manambala a miyezi, imafuna kuti mutchule zonse ziwiri.

Tsopano gawani pogwiritsa ntchito DIVIDE, imene siibweretsa uthenga wa cholakwika nambala yogawira ikakhala ziro:

Gawo = DIVIDE([Malonda Onse], [Nthambi Zonse])

Nthawi zina funso limakhala lina: woyang'anira wasankha nthambi zitatu ndipo akufuna gawo la iliyonse pakati pa zitatuzo. Pamenepo ikani ALLSELECTED(Nthambi) m'malo mwa REMOVEFILTERS, chifukwa imalemekeza zosankhidwa pa slicer koma imanyalanyaza kusefa kwa mizere ya m'tebulo lomwe likuonetsedwa.

Pomaliza, yesani measure yanu. Sinthani nthambi pa slicer ndipo muonetsetse kuti Nthambi Zonse sikusintha. Kenako sinthani chaka, ndipo nambalayo iyenera kusintha. Ndikulimbikitsa kwambiri kuti mulembe pa dashboard pomwepo kuti nambalayi ndi ya nthambi zonse, chifukwa woiona amaganiza kuti chilichonse chimene chili patsogolo pake chikutsatira zimene wasankha, ndipo akhoza kupanga chiganizo cha bizinesi potengera nambala imene sanaimvetse.